Batire la Ababa

Nyumba imeneyo inali ya anthu oopa Mulungu, ndipo sindikunena mokometsera. M'mawa uliwonse, tiyi asanalowe m'makapu, ankayamba agwada pabalaza. Bambo a m'nyumbamo anagwira ntchito yophwanya miyala zaka zambiri, mpaka fumbi linawadya mapapo. Mayi ankasoka zovala pa shopu ya telala wina m'tauni. Mwana wawo wamkulu, wamwamuna, ankayendetsa galimoto za katundu ndipo ankabwera mwa apo ndi apo. Wotsala pakhomo anali mtsikana, chitsiriza cha m'nyumbamo, amene aliyense ankangomuitana kuti Mzime.

Mzime anali atangolemba mayeso omaliza a kusekondale. Anali mwana wa mutu, wa manja opepuka, wosadikira kutumidwa kawiri. Azimayi oyandikana nawo akamakalipira ana awo ankatchula iyeyo: "Bwanji osakhala ngati Mzime?" Anawo ankamuda nazo, koma zinali zoona.

M'chipinda cha bambowo, pambali pa bedi, munali makina opatsa mpweya, okhala ndi kapaipi kolowetsa m'mphuno. Sankawafuna nthawi zonse. Tsiku labwino ankakhala pakhonde n'kumamvera wailesi. Koma chifuwa chikawagwira, milomo inkada, ndipo popanda makinawo sakanatha kupuma. Vuto linali magetsi, amene kuderalo ankathima osatsanzika. N'chifukwa chake mchimwene uja anagula batire lalikulu la m'bokosi, lokhala ndi chogwirira pamwamba, masoketi kutsogolo, ndi timagetsi tobiriwira tosonyeza moto wotsala.

Tsiku limene analibweretsa anaitana mlongo wake.

"Mzime, amayi amachoka m'mawa, ine ndimakhalira pamsewu. Udindo uwu ndi wako. Bokosili lizikhala pansi pa bedi la ababa, lodzaza nthawi zonse. Osatchajirapo foni, osalumikizapo wailesi. Wamva?"

"Ndamva, achimwene."

"Amenewa ndi mapapo a ababa."

Bambowo anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye kuti mapapo anga ali ndi chogwirira tsopano?"

Onse anaseka, ndipo Mzime analikankhira bokosilo pansi pa bedi ndi manja ake.

Chiyeso sichinabwere ndi mlendo. Chinabwera ndi msuweni wa Mzime, mwana wa malume ake, atachinyamula m'chikwama. Mnyamatayo ankagulitsa zamagetsi zakale pamsika, ndipo anzake ankamutcha Mabatani chifukwa zala zake sizinkakhala phee. Anatulutsa kamakina kotuwa, kachikasu m'mbali ndi ukalamba, kaseti yake, ndi chogwirira cha mabatani.

"Msuweni, ukhala ukuwerenga malata a denga mpaka zotsatira zituluke? Nayi gemu. Inatuluka ku Japan iwe usanabadwe, achimwene ako omwe asanabadwe. Za m'mafonizi n'zachibwana. Iyi anthu a ndevu zawo amalira nayo misozi."

Anailumikiza pa tivi yakale imene inali m'kachipinda kosungiramo katundu, kogundana khoma ndi chipinda cha bambo. Pagalasi panabwera zolemba zimene Mzime sanazionepo.

"Nanga izi ndiwerenga bwanji? Zikungokhala ngati mapazi a nkhuku."

"Suwerenga. Mzere woyamba n'kumenya, wachiwiri n'kuponya moto, wachitatu mankhwala, womaliza n'kuthawa. Basi, wamaliza sukulu ya Chijapani."

Munali tianthu tating'ono ngati nyemba, toyenda motsogozana: kamnyamata ka lupanga, kamtsikana ka ndodo yochiritsa, kankhalamba ka ndevu, ndi kena konenepa kamene Mzime sanadziwe ntchito yake. Tinkayenda m'nkhalango ndi m'mapanga, ndipo tikangosuntha pang'ono tivi inkathwanima, chilombo n'kutulukira. Nkhondo yake inali yaulemu modabwitsa. Iwe umenye, icho chidikire. Icho chimenye, iwe udikire. Ukasiya osadina kanthu, chilombo chinkangoima pomwepo kukuyembekeza, ngakhale upite kukasamba.

Tsiku loyambalo Mzime anasewera ataphika, atachapa, atawamwetsa bambo ake mankhwala. Panalibe cholakwa, ndipo ine sindinena kuti kusewera n'tchimo. Atafika pa kasupe wowala, pamene Mabatani anati ndi posungira ulendo, anasunga n'kuzimitsa.

M'mawa mwake anayatsa, n'kupeza tianthu tija tili pakhomo pomwe tinayambira, topanda kalikonse m'manja. Anang'ung'udza, n'kuyambiranso. Ulendo uno anafika patali, mpaka anagwetsa chinkhanu chachikulu chimene chinatsekereza mlatho. Asanazimitse anaimbira foni msuweni wake.

"Chinthu chakochi chimaiwala."

"Aaa, ndinaiwala kukuuza," anatero Mabatani. "M'kasetimo muli kabatire kakang'ono ngati batani la malaya. N'kamene kamagwira zosunga. Kanafa kalekale."

"Ndiye nditani?"

"Upite nayo kwa wokonza mawotchi akaikemo kena. Koma ukangoizula, chinkhanu chako chadzuka."

"Ayi! Chandivutitsa tsiku lonse chimenechi."

"Ndiye usazimitse. Zimitsa tivi yokha, kamakinako ukasiye kakuyaka. Bola moto usachoke, sikaiwala."

Apa ndi pamene panali mphambano, ngakhale sipankaoneka. Mzime akanataya masewera a tsiku limodzi, nkhani ino bwenzi kulibe. Koma anachitira chifundo tsiku limodzilo, naphimba kamakinako ndi nsalu kuti kagetsi kake kofiira kasaoneke.

Kunapita masiku magetsi ali bwino. Tianthu tija tinakula mphamvu, tinapeza ngalawa, tinawoloka nyanja. Kankhalamba kaja kanafa potchinjiriza anzake, ndipo Mzime, wosamva ngakhale liwu limodzi la zimene zinkalembedwa, analira mpaka mamina. Kenako masana ena magetsi anangoti phethi, n'kubweranso nthawi yomweyo. Kuphethira kumeneko kunakwana. Tianthu tinabwerera pakhomo poyambira, kankhalamba kali moyo ngati sikanafepo.

Mzime anaponya chogwirira pakhoma.

"Mzime, chagwa n'chiyani?" anafunsa bambo ake kuseri.

"Palibe!"

"Tandipatsako madzi, mwana wanga."

"Ndikubwera! Munthu osapumako?"

Aka kanali koyamba kuwayankha choncho. Bambowo sanabwereze, ndipo madziwo anakatunga okha, akugwira khoma.

Madzulo ake Mabatani anabwera, n'kumupeza maso ali psuu.

"Tenga chinthu chakochi," anatero Mzime. "Chandikwana."

"Ugonje pomwe unafika paja? Kutsogoloku ndiye kuli zinthu, msuweni. Vuto lako ndi moto basi, ndipo moto uli m'nyumba mom'muno." Analoza khoma ndi mlomo.

"Usayerekeze. Limenelo ndi la ababa."

"Ndani wati ulichotse? Taona kabowo aka, pomwe panadutsa paipi yakale. Katulukira pansi pa bedi lawo. Udutsitse chingwe, basi. Kamakina aka kamadya moto ngati kababu ka tochi. Chibokosi chonse chija sichingamve n'komwe. Udzudzu ungamalize magazi a ng'ombe?"

"Achimwene anati osalumikizapo chilichonse."

"Achimwene anati foni ndi wailesi. Gemu anaitchula?"

Mzime anaseka, ndipo kuseka kumeneko kunali kuvomera. Mawa lake, bambo ali pakhonde ndi wailesi yawo, anagwada pansi pa bedi n'kulumikiza chingwe. Anadziikira lamulo: pabatire pazikhala kamakina kokha, tivi izikhala pa soketi ya pakhoma, magetsi akathima iyenso azipuma. Anadziona ngati munthu wosamala kwambiri.

Musaganize kuti ankasangalala. Kuyambiranso kunali kowawa ngati kusenda mtedza umene wasenda kale. Nkhalango yomweyo, chinkhanu chomwecho, imfa yomweyo ya kankhalamba, ulendo uno popanda misozi. Atadutsa pamene anafika kale, anakumana ndi chimphona cha zida zachitsulo chimene chinkafafaniza tianthu take tonse asanakwezenso lupanga. Anayesa, chinamupha. Anayesanso, chinamuphanso.

"Tianthu tako n'tonyentchera," anatero Mabatani pafoni. "Zungulira pakhomo pa phanga, uzipha tizilombo ting'onoting'ono mpaka tinenepe."

"Mpaka liti?"

"Mpaka zitheke. Anzako a ku Japan ankatero, iwe ndiwe ndani?"

Ndiye mwana wa mutu uja anakhala masiku akuzungulira malo amodzi, kumanzere, kumanja, kumanzere, kumanja, akupha mleme womwewomwewo. Chala chinatuluka thuza. Msana unkawawa. Kanyimbo ka nkhondo kankamulira m'mutu ngakhale pogwada m'mawa, moti ena akamati ameni iye anali akuwerengera mankhwala a tianthu take. Mankhwala amenewo sanalole kuti achepe ngakhale tsiku limodzi. A bambo ake ndi amene anayamba kumwedwa mochedwa.

Tsiku lina mayi anabwera kuchokera ku shopu mvula itagwa, n'kupeza zovala zitanyowa pachingwe, mbale za m'mawa zili mbwee m'khitchini. Anakankha chitseko cha kachipinda kaja.

"Iwe Mzime, mvula yonseyi unali m'nyumba mom'muno?"

"Sindinaimve, amayi."

"Pa malata? Kukwaya akuti sakukuonanso. Bambo ako adya?"

"Ndikangomaliza apa."

"Tandiyang'ana ndikamalankhula." Mzime anatembenuka theka. "Mwana wanga, chinthu chimene chimakuyankhitsa makolo ndi msana si choseweretsa. Ameneyo ndi bwana wako. Zimitsa."

"Sizizimitsidwa, amayi! Simungamvetse. Ndikazimitsa, zonse zapita."

"Zonse ziti? Uli ndi chiyani m'menemo chimene ungandionetse m'manja?"

Mzime anadina batani la tivi, galasi linada, ndipo mayi anachoka akuganiza kuti mwana wamvera. Pansi pa nsalu kagetsi kofiira kanali kakuyakabe.

Lamulo lake lija silinakhalitse. Magetsi anathima masana ena ali pakati pa nkhondo ndi chimphona chija, chitatsala pang'ono kugwa. Anayang'ana galasi lakuda, anayang'ana chingwe chochokera kukhoma. Anati kamphindi kokha. Anasamutsira tivi pachingwecho, chimphona chinagwa, ndipo kumwamba sikunagwe. Mawa lake kamphindi kanatalika. Tivi yakale ija sinali udzudzu, inkamwa moto ngati ng'ombe yochokera kudambo louma.

Mayi ndi amene anayamba kuona. Akusesa m'chipinda Loweruka anasuzumira kutsogolo kwa bokosi.

"Bwanji timagetsiti tikuchepa chonchi? Dzulo ababa ako sanayatse makina."

"Mwina likukalamba, amayi," anatero Mzime, maso ali pa tsache.

"Latsopanoli? Ndimuuza mchimwene wako. Kapena anamugulitsa chinyengo."

Bodza linatuluka mosavuta mpaka mwini wake anadabwa.

Bambo ndiwo anapeza chingwecho. Mbulu wa mankhwala unawagwa n'kugubudukira kunsi kwa bedi, ndipo powerama anachiona chikulowa m'kabowo. Anadikira mayi atapita kuntchito, n'kumuitana.

"Khala apa, mwana wanga. Chingwe ichi chikupita kuti?"

Mzime anakhala pansi n'kuyang'ana kabowo kaja.

"Amayi ako sindiwauza, ali ndi zambiri zowadetsa nkhawa. Ndipo sindichizula, chifukwa ndikazula ine, mawa ubwezeretsa. Uzule wekha."

"Ndatsala pang'ono, ababa. Kwatsala nsanja imodzi. Ndikangomaliza ndizula, ndikulonjeza."

Bambowo anapuma kaye, pakuti mawu ambiri ankawatopetsa.

"Kumiyala kuja ankatipatsa zotchinga kumphuno. Zinkatentha, zinkatichedwetsa. Tinkati tivala tikangomaliza mulu uwu. Milu sinathe, mwana wanga. Anatha ndi mapapo."

Mzime analira, ndipo misozi yake inali yeniyeni. Anapita m'kachipinda muja atatsimikiza mtima. Anagwira chingwe. Kenako anaganiza za mleme uja, za thuza la pachala, za masiku onse amene anathera pakhomo pa phanga. Zonsezo zipite pachabe, nsanja imodzi yokha itatsala? Anasiya chingwe n'kutola chogwirira. Zengerezu analinda kwawukwawu, ndipo Mzime mwambiwo ankaudziwa bwino, anaulemba ngakhale pamayeso.

Tsiku la tsokalo kunacha kotentha, kopanda ndi kamphepo komwe. Magetsi anathima mayi atangotuluka pageti. Mzime anawapatsa bambo ake tiyi mothamanga n'kukalowa m'nsanja ija. Inali nsanja yankhanza, yopanda kasupe wosungira kuyambira pansi mpaka pamwamba, makwerero okhaokha ndi zitseko zonamiza. Anasochera, anabwerera, anasocheranso. Dzuwa linafika pamutu, linapendeka, tivi ili chiyakire pabatire. Kuseri kwa khoma timagetsi tobiriwira tinkazima kamodzikamodzi popanda woona.

Pamwamba pa nsanja anapeza mwini wake wa zoipa zonse, chinthu cha mapiko chodzaza galasi lonse.  Nkhondo itangoyamba, anamva kutsokomola kuseri, kuja kokoka ngati munthu akung'amba nsalu. Kenako anamva makina a mpweya akuyamba kulira. Posakhalitsa bokosi linayamba kulira nalo, kaphokoso kochenjeza kuti moto watsala pang'ono.

Khoma linagogodwa ndi kapu. Go, go, go.

"Mzime..."

"Ndikubwera, ababa!"

Tsono mvetserani, inu ana, pakuti apa ndi pamene tchimo linaonetsa nkhope yake. Chilombo chija chikanamudikira. Gemu imeneyo simenya munthu asanadine. Chofunika chinali kuzula chingwe kuti moto wotsalawo upite kwa bambo ake, n'kuthamangira kwa oyandikana nawo kukapempha galimoto. Koma m'mutu mwa Mzime munabwera ganizo lina, ndipo analilandira: makina a ababa andithera moto, ndifulumire asanaumalize.

Anadina mwaliwiro. Kumenya, kumenya, mankhwala, kumenya. Chilombo chinasintha mtundu n'kumera mitu ina. Khoma linagogodwanso, mofooka.

"Ndati ndikubwera!"

Phiko limodzi linathothoka. Kamnyamata ka lupanga kanakweza dzanja. Galasi linangoti bii. Nthawi yomweyo kulira kwa makina kuseri kunaleka, ndipo m'nyumba monse munangoti zii.

Mzime anakhala kaye chogwirira chili m'manja, ndipo ndinene zoona ngakhale zikuwawa: choyamba kumupweteka mumtima chinali nsanja ija. Kenako anamva kapu ikugwa pansi.

Anawapeza atatsetsereka pabedi, kapaipi kali m'mphuno kopanda kanthu, milomo yakuda bii, maso ali pa iye. Anadina batani la makina, anamenya bokosi ndi chikhatho, anazula chingwe chija tsopano, pamene kuzula kunalibenso ntchito. Anatuluka akukuwa, wopanda nsapato. Woyandikana nawo wina woyendetsa takisi anali atapita kutauni, ndipo mpaka kupeza galimoto ina, kuwanyamula, kudutsa m'misewu yodzaza, bambowo anali atasiya kuyankha.

Mayi anafika kuchipatala tepi yoyezera ikadali m'khosi. Adokotala anati mtima ukugunda, koma ubongo wakhala nthawi yaitali wopanda mpweya wokwanira, ndipo sangalonjeze kuti akadzuka adzakhala munthu yemwe uja.

"Kunyumba kulibe batire?" anafunsa adokotalawo.

"Lilipo," anatero mayi. "Likungotha msanga masiku ano."

Mzime anatuluka panja.

Mabatani anamupeza panja, pansi pa mtengo, n'kumukokera pambali.

"Chingwe chija wachotsa?"

"Chikadali m'bowo."

"Ndipatse kiyi ndikachotse, ndikatenge ndi kamakina komwe. Palibe adziwe. Mabatire amafa okha, msuweni. Ndipo dzina langa lisamveke, ine ndinangokubwereka gemu."

"Si iwe unati udzudzu?"

"Ndinati kamakina. Za tivi unaonjeza wekha."

Zinali zoona, ndipo woyesa amakhala choncho nthawi zonse: amakuperekeza mpaka pamphepete, pogwa umagwa wekha. Mzime anam'patsa kiyi.

Mchimwene wake anafika mawa lake, atasiya galimoto ya katundu m'manja mwa mnzake. Analowa kukaona bambo ake, natuluka. Anakhala pabenchi pakati pa mayi ndi mlongo wake, munthu wamkulu wa mapewa ake, n'kuyamba kulira ngati kamwana.

"Ndine ndawapha, amayi. Munandiuza pafoni kuti batire likutha msanga, ine n'kumati ndidzaliona ndikabwera. Linalipo lina labwino, ndinasankha ili. Ndinawagulira chinyengo ababa anga."

"Usatero, mwana wanga," anatero mayi. "Unachita zimene ukanatha."

"Ayi, amayi. Mzime anachita mbali yake, mwana wamng'ono, yekhayekha pakhomo. Wolephera ndine."

Anatambasula dzanja n'kumugwira mlongo wake paphewa, kumutonthoza. Dzanja limenelo ndi limene Mzime analephera kulisenza. Chingwe chinali chitachotsedwa, kamakina katapita, bambo sakanatha kunena. Akanangokhala chete, mchimwene wake akanasenza mtolowo mpaka kumanda. Mzime anatsetsereka pabenchi n'kugwada pa simenti, anthu akudutsa.

"Achimwene, batire linali labwino. Ndine."

Ananena zonse: kabowo, chingwe, tivi, bodza la Loweruka lija, chenjezo la bambo, kugogoda kwa kapu. Ananena ngakhale ganizo lija, limene palibe akanalidziwa. Mchimwene wake anachotsa dzanja pang'onopang'ono, anaimirira, natuluka.

Mayi anatembenukira kwa Mzime.

"Anagogoda kangati?" anafunsa.

"Kawiri, amayi."

"Ndipo unamva."

"Ndinamva."

"Ukanakhala kuti unagona, ndikanati ndi tulo. Ukanakhala kuti unachoka, ndikanati ndi chibwana. Koma unamva." Anapukuta maso ndi nsonga ya nsalu. "Dzuka apo. Ine ndine mayi ako, sindingakutaye. Kukhululuka ndiyesa, Mulungu andithandize, koma usandifulumizitse. Ukapemphe kwa Iye, ndi kwa bambo ako ngati adzakumve."

Bambowo anadzuka, ndipo patapita milungu anabwerera kunyumba. Ankatha kukhala tsonga, kumeza, ndi kulankhula pang'ono. Koma anthu a m'nyumba mwawo sankawadziwa. Mkazi wawo ankamupatsa moni ngati mlendo wa kutchalitchi. Mchimwene uja anabwerera pamsewu, ndipo akaimba foni ankalankhula ndi mayi okha.

Mzime ndiye ankawasambitsa m'manja, kuwameta, kuwatembenuza, kuwadyetsa ndi sipuni. Tsiku lililonse ankagwada pambali pa bedi n'kunena kuti, "Ababa, ndikhululukireni," ndipo iwo ankamuyang'ana mwaulemu, ngati munthu amene akumva chilankhulo cha dziko lina.

M'mawa wina, atawapukuta pakamwa n'kuwakonzera pilo, bambowo anamugwira dzanja.  Mzime anaganiza kuti mwina lero amuzindikira, ngakhale kuti amukalipire, bola amutchule.

"Zikomo, mayi," anatero bambowo. "Kodi ndinu mwana wa yani?"

Mzime anatola mbale imene anawadyetseramo.

"Makolo anu anakulerani bwino. Mukawauze kuti ndatero."

Mzime anatuluka n'kukaima kuseri kwa nyumba, mbale ili m'manja, akulira mopanda mawu kuti asawadzidzimutse.

Inu ana, ndi inu akuluakulu omwe, chenjezo lake ndi ili. Tchimo silikupempha moyo wa bambo ako tsiku loyamba. Limakupempha masana amodzi, kenako limakuuza kuti wataya kale zambiri, sungasiyire pano. Limenelo ndi bodza. Chimene ukuopa kutaya ukasiya lero n'chaching'ono kuposa chimene udzataya ukasiya mawa. Ngati pali chinthu m'moyo mwako chimene ukuti sichizimitsidwa, chimene chimakunamizitsa kwa mayi ako ndi kukuyankhitsa kuti "ndikubwera" pamene wokudalira akuitana, chizimitse lero, zimene zipite zipite. Mulungu amakhululukira wolapa, ndipo Mzime analapa. Koma kulapa sikunamubwezere bambo amene ankamudziwa.